Girmay wafika ku Nice ndi malaya obiriwira, nanga Tiyago wathu?

Zuze Ulongwe: Amene simunagone tabwerani kuno. Mnyamata uja wa ku Eritrea, Biniam Girmay, wamaliza mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France wa 2024 lero ku Nice, ku France, ndipo malaya obiriwira akupita nawo kwawo. Chiyambire kuwapereka malaya amenewa mu 1953 palibe wa mu Africa muno anawatengapo. Ine ndimaonera pa foni ndili m'bulangete, kuzizira kwa Julayi kuno mukukudziwa, koma m'manja munali thukuta lokhalokha.

Bambo a Chifundo, Moatize: Ndiye kuti wapambana iyeyo? Nanga mwana wanga akundiuza kuti wapambana ndi mzungu wa dzina lovuta lija?

Zuze Ulongwe: Mwana wanu sakunama bambo. Tadej Pogačar wa ku Slovenia ndiye watenga achikasu.

Bambo a Chifundo, Moatize: Mpikisano umodzi opambana awiri? Ife timadziwa kuti wofika poyamba ndi mmodzi, enawo ndi operekeza.

Aphunzitsi Lusiya, Domwe: Bambo, tiyerekeze ndi ganyu wa masabata atatu. Tsiku lililonse anthu akupatsidwa ndime yawo, ndime zonse 21, kupuma masiku awiri okha. Ananyamuka ku Florence ku Italy pa 29 Juni ali anthu 176, matimu 22 a anthu 8, ndipo lero amene afika ndi 141. Mtunda wonse ndi pafupifupi makilomita 3,500. Tsono pali mabuku awiri. Buku loyamba amalembamo nthawi: amene masiku onse ukawaphatikiza watha maola ochepa ndiye mwini malaya achikasu. Buku lachiwiri amalembamo mapointi, ndipo ambiri amaperekedwa kwa amene wayamba kudutsa mzere pa ndime za pachidikha, pomwe gulu lonse limafika pamodzi n'kulimbirana mamita 200 omaliza. Girmay watsogola m'buku lachiwirili, mapointi 387, womutsatira Jasper Philipsen wa ku Belgium 354. M'buku la nthawi ali kumbuyo kwa Pogačar ndi maola angapo, ndipo palibe akudabwa nazo, si ntchito yake.

Yohane Kabaza: kkkk maola angapo? ine kasitomala ndikamuchedwetsa mphindi 10 amatsika osalipira

Zuze Ulongwe: Iwe Yohane tamvera izi. Ndime imene anapambana koyamba, ya ku Turin pa 1 Julayi, inali ya makilomita 230. N'chimodzimodzi kuchoka pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, kudutsa Moatize, kukhota pa Musakama mpaka kufika kuno ku Ulongwe. Anaiyenda maola asanu ndi theka osakwana, kenaka pamapeto pake n'kukhalabe ndi mphamvu yothamanga kuposa makilomita 60 pa ola.

Yohane Kabaza: bodza ilo achimwene. chapa yeniyeniyo ikamaima pena paliponse imatha nthawi yomweyo

Batista wa Njinga: Si bodza ayi. Koma usaiwale njinga yake. Lamulo lawo limati njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, ndiye kuti zawozo zimasewera pa 7. Yako ija ndinakumangira masipoko amphamvu, kaliyala wa chitsulo cha zenera, ndi khushoni ya kasitomala, ukaiika pa sikelo ya mbatata ipitirira 20. Giya imodzi basi. Iwo ali ndi magiya opitirira 20, ndipo tayala likaphwa sakhala pansi kufuna phula, galimoto ya timu imabwera n'kuwapatsa lina pompo.

Yohane Kabaza: ndiyetu ndikunena. andipatse yawoyo, iwo atenge yangayi ndi matumba awiri a makala, tikumane pa Domwe

Fulansisiko ku Joni: Kkkk Yohane, mawu amenewo ndinkayankhulanso ine ndisanabwere kuno. Abwana anga ali nayo njinga yotere, tsiku lina anandibwereka. Kupepuka kwake ungati wanyamula nkhuku. Koma chishalo chake n'chopyapyala ngati mpeni, msana uli chiweramire, ola limodzi lokha khosi linauma. Lamlungu azigogo a imvi ankandipitirira akucheza.

Mayi a Rosa: Pepani ndalowerera, amene akufuna kachewere wa ku Tsangano thumba lalikulu andipeze kumbali.

Admin Juliyasi: Mayi a Rosa, malonda ndi Lachisanu, tinagwirizana.

Aphunzitsi Lusiya, Domwe: Ine pa nkhani ya miyendo sindikutsutsa. Anyamata amene amatsika ku Tsangano mbandakucha ndi matumba a kachewere ali ndi mphamvu zoopsa. Koma mpikisano uwu mphamvu zokha sizikwanira, mdani wamkulu ndi mphepo. Amene ali kutsogolo ndiye amalimbana nayo, wobisala kumbuyo kwake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo amene ali pakati pa chigulu amasunga zoposa pamenepo. N'chifukwa chake mumawaona atathithikana ngati mbuzi za pa lole. Kuyenda chotero, chigongono kukhudzana ndi chigongono, tayala lako kutalikirana ndi la mnzako ngati chikhatho chimodzi, pa liwiro la makilomita 50, munthu saphunzira ali ndi zaka 25. Amayamba ali mwana.

Yohane Kabaza: zobisala kumbuyo ife timazidziwa aphunzitsi, timachita kuseri kwa lole pokwera mtunda

Batista wa Njinga: Inu mumachita kugwira lolelo ndi dzanja, n'zosiyana. Ndipo foloko ya mnzako uja ndinaiwongola kawiri chifukwa cha khalidwe lomwelo.

Zuze Ulongwe: Chimene chimandikhudza ine n'chakuti mwa anthu 8 a mu timu, ambiri sanapite kukapambana. Anapita kukatumikira. Amawatchula ndi liwu la Chifalansa lotanthauza wantchito wa pakhomo. Ntchito yake ndi kubwerera ku galimoto kukatenga mabotolo a madzi, kuwalonga m'malaya, kuwagawira anzake, kutchinga mphepo tsiku lonse, ndipo mtsogoleri njinga ikamuwonongekera amamupatsa yake iye n'kutsala pamsewu. Alipo amene amapalasa zaka 10 osapambanapo ngakhale kamodzi, koma timu siwataya. Girmay mwiniwakeyo tsiku la ku Turin sanadzuke ngati mwini tsiku ayi, timu yake ya Intermarché-Wanty inkadalira mnzake Gerben Thijssen pa ndime zosalala zotere. Anatayana m'chipwirikiti cha kumapeto, iye n'kuona kampata m'mphepete mwa mpanda, basi n'kulowamo.

Bambo a Chifundo, Moatize: Ndiye wantchito anadya nsima ya abwana.

Zuze Ulongwe: Anadya, n'kuwonjezera kawiri bambo. Ndime ya 8 ku Colombey-les-Deux-Églises, ndi ya 12 ku Villeneuve-sur-Lot.

NaJere: Achimwene a Zuze, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndiye ndinu amene mukumuonetsa Tiyago zinthu zimenezi? Masabata atatu awa mwana sakugwirika. Ndikamutuma kuchigayo akubwera ufa uli theka, akuti amayesa liwiro. Dzulo wachotsa madigadi pa njinga ya bambo ake akuti ikulemera.

Yohane Kabaza: kkkkkk Tiyago ndi moto mayi. sabata yatha wandipitirira pa mtunda wa kumsika ali ndi thumba kumbuyo, ine ndili chopanda

Zuze Ulongwe: Achemwali, sindikana, foni ndi yanga. Koma mwanayo ali nacho chinthu. Zaka 16, saopa mtunda, ndipo sapuma mwaphuma. Ine monga malume wake ndingangoyang'ana?

NaJere: Umalume wake ukhale wa makope ndi yunifolomu. Ndamva kuti anthu amafa nazo zimenezi.

Aphunzitsi Lusiya, Domwe: Mayi, pamenepo sindikubisirani. Chaka chatha mu Juni, Gino Mäder wa ku Switzerland anagwa potsetsereka phiri pa mpikisano wa kwawo komweko, anamwalira ali ndi zaka 26. Mwezi uno womwe, Tour ili mkati, André Drege wa ku Norway wamwalira pa mpikisano wa ku Austria, nayenso potsetsereka. Amatsika mapiri pa liwiro la makilomita 80 kapena 90 atavala kansalu kopyapyala ndi chipewa basi. Girmay yemwe tikumutamayu thupi lake ndi zipsera zokhazokha. Mu Epulo 2023 anagwa pa mpikisano wa Tour of Flanders ku Belgium n'kuvulala m'mutu. Mu Meyi chaka chino anasiya mpikisano wa Giro d'Italia pa ndime ya 4 atagwa kawiri tsiku limodzi pamsewu wonyowa. Lachiwiri lapitali wagwanso kutatsala kilomita imodzi ndi theka kufika ku Nîmes, anzake awiri anachita kumuperekeza mpaka pamzere, anamusoka chigongono, m'mawa mwake n'kukweranso njinga.

NaJere: Mwamva achimwene? Aphunzitsi anena okha.

Fulansisiko ku Joni: Mwaiwala ya botolo aphunzitsi kkkk

Aphunzitsi Lusiya, Domwe: Imeneyo ndiye yomvetsa chisoni ndi kuseketsa komwe. Pa 17 Meyi 2022, Giro yake yoyamba, anapambana ndime ya 10 ku Jesi atagonjetsa Mathieu van der Poel, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana ndime pa mipikisano itatu ikuluikulu ija, ya ku Italy, ya ku France ndi ya ku Spain. Akwera pansanja, amupatsa botolo lalikulu la vinyo wa thovu, awerama kuti alitsegule, chitsekero n'kuphulika kumumenya m'diso. Usiku womwewo ali kuchipatala, m'mawa mpikisano wathera pomwepo. Makilomita onse aja osagwa, n'kukagwetsedwa ndi chisangalalo.

Bambo a Chifundo, Moatize: Kwathu tikanati alipo wamuchita.

Yohane Kabaza: akanamupatsa thobwa sizikanachitika

Bambo a Chifundo, Moatize: Koma ine funso langa ndi lina. Anthu amenewa sagwiritsa mankhwala? Munthu wa magazi angapalase Tete mpaka Ulongwe lero, mawa chimodzimodzi, mkuja akwere phiri, masabata atatu? Uja wa ku America anamulanda zikho uja bwanji?

Fulansisiko ku Joni: Lance Armstrong. Anapambana kasanu ndi kawiri, 1999 mpaka 2005, mu 2012 anamulanda zonse ndipo kenaka anavomera yekha. Masiku ano amawayeza magazi ndi mkodzo pafupipafupi, ngakhale kunyumba kwawo amangofika osanena. Amene sanagwidwe ine sindingamunamizire. Chimene ndikudziwa n'chakuti amadya ngati dzombe. Tsiku la mapiri thupi limatentha chakudya chimene ine ndingadye masiku atatu, ndiye mpunga m'mawa, pa njinga akudya mphindi 20 zilizonse, madzulo mpunga wina.

Zuze Ulongwe: Ndipo kwa anthu a liwiro ngati Girmay mapiriwo ndiye gehena. Lachisanu anakwera Cime de la Bonette, mamita 2,802, pomwe phiri lathu la Domwe ndi 2,000 ndi pang'ono. Tsiku lililonse pali malire a nthawi, ukafika mochedwa kupitirira pamenepo amakuchotsa, mapointi ako onse n'kupita m'madzi. Ndiye olemera matupi amasonkhana kumbuyo n'kupanga kagulu kawo, amakatchula kuti basi yonyamula anthu, n'kumawerengera limodzi mphindi kuti asatsekeredwe kunja. Mark Cavendish, amene chaka chino wafikitsa pa 35 ndime za Tour zimene wapambana m'moyo wake, kuposa 34 za Eddy Merckx, wamaliza ali wotsiriza penipeni, maola opitirira 6 kumbuyo kwa Pogačar, koma anthu amuombera m'manja ngati mfumu.

Yohane Kabaza: ndiye chapa ilipo ndithu kumeneko kkkk kondakitala ndani

NaJere: Inu mukuseka. Ndalama zake zili pati? Tiyago akadzakula adzadya malaya obiriwira?

Aphunzitsi Lusiya, Domwe: Wopambana ndime imodzi amalandira mayuro 11,000, ndiye kuti mametikali opitirira 700,000. Malaya obiriwira ndi mayuro 25,000, achikasu 500,000. Koma mwambo wawo ndi wakuti ndalamazo zimaikidwa pamodzi n'kugawana timu yonse, mpaka amakaniki ndi othandiza ena. Chimene munthu amadya ndi malipiro a kontirakiti, ndipo makontirakiti ake ndi a chaka chimodzi, ziwiri, zikachuluka zitatu kapena zinayi. Mukumukumbuka Daniel Teklehaimanot? Nayenso wa ku Eritrea. Mu 2015 anavala malaya a madontho ofiira, a katswiri wa mapiri, masiku angapo pa Tour ali ndi timu ya ku South Africa ya MTN-Qhubeka, Asmara yonse inavina. Pofika kumapeto kwa 2018 matimu akuluakulu analibenso malo ake. Girmay naye timu yake yoyamba ya ku France, Delko, inagwa ndi mavuto a ndalama mu 2021. Mwayi wake a Intermarché anamutola mu Ogasiti, mu Seputembala n'kutenga mendulo ya siliva ya dziko lonse ya osakwana zaka 23 ku Leuven, mu Marichi 2022 n'kupambana mpikisano wa Gent-Wevelgem ku Belgium. Ikanachedwa foni imodzi ija bwenzi lero tikukamba za mpira.

Bambo a Chifundo, Moatize: Tsono chifukwa chiyani Eritrea? Dziko laling'ono, losauka ngati ife tomwe. Ife njinga zili khomo lililonse.

Aphunzitsi Lusiya, Domwe: Apa ndiye pagona nkhani bambo. Ena amati ndi chifukwa Asmara ili pamwamba, mamita opitirira 2,300, ana amakula ndi mapapo a kuphiri. N'zoona, koma ife a ku Angonia sitili kuchigwa ngati a ku Tete. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa iwo njinga ndi masewera, kwa ife ndi bulu. Anaitengera kwa Ataliyana amene ankawalamulira, ndipo mpikisano wozungulira dziko lawo unayamba kale mu 1946. Kumapeto kwa sabata misewu ya mu Asmara imatsekedwa, ana amapikisana malinga ndi misinkhu, makalabu alipo, anthu amadzaza m'mbali mwa msewu. Girmay anabadwa mu 2000, bambo ake kalipentala wokonda kuonera Tour pa TV. Pofika 2018 anali atapikisana kosawerengeka, n'kukatenga mendulo zitatu za golide za achinyamata a mu Africa ku Kigali. Atatero anamuitana kusukulu ya njinga ya UCI, bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse, ku Aigle, ku Switzerland. Mu Januwale 2019 ku Gabon anagonjetsa André Greipel, chimphona cha ku Germany, iye ali ndi zaka 18. Makwerero onsewo analipo, iye ankangoponda. Tiyago wathu akapambana anzake a kumsika, mawa lake akapikisana ndi ndani, kuti, ndipo adzamuona ndani?

Fulansisiko ku Joni: Ngakhale Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, amene anaphunzitsidwa njinga ndi David Kinjah, anachita kusamukira kuno ku South Africa kenaka ku Ulaya, ndipo Tour zake zinayi anazipambana ndi mbendera ya Britain. Pasipoti nayo imapalasa. Wa ku Africa kuti apeze viza yokhala ku Ulaya miyezi yambiri ndi mpikisano pawokha.

Yohane Kabaza: koma mpikisano kuno unachitikapo. chaka china pa 25 Juni anatiitana a kabaza tonse, akuti woyamba alandira njinga yatsopano. ndinasiya makasitomala masiku atatu ndikukonzekera. ndinafika woyamba, wachiwiri osaoneka n'komwe. anandipatsa ndowa ya pulasitiki ndi sikipa, akuti njinga ikubwera kuchokera ku Tete. mpaka lero ikadali m'njira

Batista wa Njinga: Ndikukumbuka, unathyola pedulo tsiku limenelo ndipo ngongole yake sunamalize.

Yohane Kabaza: ndidzalipira njinga ikafika

Zuze Ulongwe: Ndi zimenezotu. Kamodzi pa chaka, pa tsiku la chikondwerero, akuluakulu ajambulitse, basi. Ine sindikunena kuti Tiyago apita ku France, achemwali musandimve molakwa. Mwina sadzafika ngakhale ku Maputo. Ndikunena kuti palibe ndi mmodzi yemwe pa gulu lino amene akudziwa kuti mwanayu amatha mphindi zingati kuchoka pa Ulongwe kukafika ku Calomue. Timangoti ndi moto, ndi moto. Tiyeni tiyambe ndi wotchi ndi kope. Lamlungu lililonse, anyamata ndi atsikana amene akufuna, njinga zomwe ali nazozo. Chaka chamawa mu Seputembala mpikisano wa dziko lonse ukachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa, ana athu adzaonere akudziwa chimene akuona.

Aphunzitsi Lusiya, Domwe: Kope ndi wotchi ndigwira ine. Koma ndanena poyera: amene sanabwere kusukulu sabata imeneyo dzina lake sindilemba. Ndipo atsikana mwawatchulawo musawatchule mwamwambo chabe, ndili nawo awiri a kalasi yanga amene amapalasa makilomita ambiri tsiku lililonse kubwera kusukulu.

Bambo a Chifundo, Moatize: Msewu wa ku Calomue uli ndi malole opita ku Dedza. Mukatero mukhale ndi njinga yamoto kutsogolo ndi ina kumbuyo, ndipo akuluakulu a m'dera ndi apolisi a pamsewu adziwe. Mafuta a Lamlungu loyamba nditumiza ine pa M-Pesa. Osati ndakhulupirira, ndikungofuna ndione nambala ya Yohane.

Yohane Kabaza: ine zaka 34 bambo, ndikhala wantchito wa Tiyago, ndizimutchingira mphepo. mabotolo anyamule yekha

Fulansisiko ku Joni: Zipewa za njinga zakale kuno zimapezeka motchipa. Nditumiza zinayi ndi munthu wa basi kumapeto kwa mwezi.

NaJere: Ndamva zonse. Achimwene, popeza mwati ndinu malume, mumve zanga. Chipewa chisanafike sakwera. Apite kaye kutchalitchi, mpikisano wanuwo uyambe tikaweruka. Akagwa, amene mukagone naye kuchipatala ndinu. Ndipo bambo ake mukawauze nokha, ine sindiyambitsa.

Zuze Ulongwe: Alamu ndikawaona mawa madzulo. Ndipita ndi foni, akaone kaye ya ku Turin ija.

Batista wa Njinga: Abwere nayo njingayo Loweruka m'mawa ndisanachuluke anthu. Ndiione mabuleki, ndimange masipoko, tcheni chija chatha ndinamuuza kale. Kaliyala tichotsa, ndi makilogalamu atatu amene aja.

NaJere: Kaliyala muchotse Loweruka, Lamlungu madzulo mubwezeretse. Lolemba kuli matumba asanu ndi limodzi a kachewere opita kumsika.